Zala Khumi za a Bilimankhwe

A Sisita ankawadziwa akalipentala a mumsewu wa kuseri kwa msika ndi manja awo, osati nkhope. Asanapume pantchito anakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'chipinda cholandirira anthu ovulala, ndipo msewuwo unali pafupi ndi chipatala moti munthu akadzicheka ankafika magazi asanaume pamalaya. Ankabwera dzanja atalikulunga m'chinsanza, mnzake atamugwira m'khwapa, utuchi uli mbuu m'mutu. A Sisita ankatsuka bala, kusoka, kumanga, kenako n'kukalipa. Kusokako kunkathandiza, koma kukalipako kunkangopita ndi mphepo. Pakatha miyezi ingapo munthu yemweyo ankabweranso, ulendo uno atakulunga dzanja linalo.

N'chifukwa chake tsiku limene amuna awo analowa m'nyumba atakumbatira katoni, nkhope ili ngwee, n'kutulutsamo makina a matabwa, a Sisita sanakondwere nawo mpang'ono pomwe.

Amuna awowo anthu ankawatchulabe a Dalaivala, ngakhale kuti mabasi anasiya kuyendetsa zaka zitatu zapitazo. Anali munthu wamtima wabwino, wamawu aakulu, amene ankakhulupirira kuti chinthu chilichonse cholira ngati injini ndi mng'ono wake wa basi. Makina amene anagulawo amisiri amawatcha lauta. Amaoneka ngati kamtondo kachitsulo kokhala ndi zogwirira ziwiri m'mbali ngati makutu. Kunsi kwake kumalowa kampeni kafupi ngati chala, kozungulira mothamanga moti diso silikaona. Ntchito yake ndi kusema m'mphepete mwa thabwa kuti mukhale mobulungira, kapena kukumba tingalande.

"Izi n'zachiyani, abambo?"

"Za amayi. Si inu munati pakufunika chogwirira m'khoma?"

Zinali zoona. Mayi awo a a Dalaivala anali m'chipatala atafa ziwalo mbali yakumanzere, ndipo pakatha masabata awiri ankayenera kubwera kudzakhala nawo. A Sisita anali atanena kuti pakufunika thabwa lalitali lokhomera m'khoma, kuyambira pakhomo la kuchipinda, kudutsa m'kolido, mpaka kubafa ndi pabalaza, kuti apongoziwo azigwirira pophunziranso kuyenda. Ananenanso kuti likhale losalala, lopanda kona yakuthwa, chifukwa khungu la munthu wamkulu limang'ambika ngati pepala lonyowa.

"Ndinati tiitane mmisiri," anatero a Sisita.

"Mmisiri wake ndi amene waima pamaso panuyu."

Loweruka m'mawa a Dalaivala anatulutsa mipando iwiri kuseri kwa nyumba, n'kugoneka thabwa pamwamba pake. Analipanikiza ndi bondo, n'kulumikiza makina ndi chingwe chodzera pawindo la kukhitchini. A Sisita anali m'khitchinimo akutsuka makapu, diso limodzi lili panja. Makina analira mokuwa. Kampeni katangokhudza thabwa, lauta inathamanga yokha ngati mbuzi yodula chingwe, n'kuwakoka a Dalaivala kuchoka mbali ina ya thabwa kufika mbali inayo. Dzanja limodzi linapulumuka pachogwirira. Thabwa linauluka kukamenya ndowa ya zochapa, madzi khuthu pansi. A Sisita sanakuwe. Anangotambasula dzanja lonyowalo, n'kulipukuta pa epuloni, n'kuzula pulagi pakhoma.

Atatuluka anawagwira amuna awo manja onse awiri n'kuwatembenuza uku ndi uku. Panalibe bala. A Dalaivala ankapuma ngati athamangira basi yowasiya.

"Makinawa ali ndi vuto," anatero. "Chiwongolero chake chikukokera kumanzere."

Lolemba a Sisita anaika lautayo m'chikwama chopitira kumsika, n'kuphimba ndi thaulo, n'kutuluka amuna awo akusamba.

Mumsewu wa akalipentala anawalandira ngati mlamu wobwera kuchokera kutali. Masheti a malata anali mbali zonse ziwiri, zitseko ndi mabedi zitayedzamira panja, fungo la matabwa aawisi ndi vanishi lili tho. Aliyense amene anawaona ankakweza dzanja, osati popereka moni chabe, koma poonetsa. Wina wamtali, wa chala chachikulu chodukira pakati, anasiya sowo n'kubwera akugwedeza kachitsa kakeko.

"A Sisita, onani ntchito yanu. Mpaka lero ulusi wanu sunasosoke."

"Ndinakuuzani kuti ndisadzakuoneninso."

"Ndiye mwabwera nokha kudzandiona. Vuto si langa."

Anaseka onse. A Sisita anatsitsa chikwama pansi chifukwa chinali cholemera, n'kufunsa funso limene anabwera nalo.

"Tandiuzani, mumsewu muno alipo mmisiri amene sindinamusokepo?"

Amisiriwo anayang'anana. Wina anayamba kuwerenga anzake ndi mlomo, sheti ndi sheti, mpaka kumapeto kwa msewu. Kenako wachala chodukayo anamenya m'manja.

"Alipo mmodzi. A Bilimankhwe, uko pafupi ndi womata matayala. Koma mukafuna mpando kwa iwowo, mutengeretu bulangete. Amaponda kamodzi, n'kuyamba aganiza kaye ngati pansipo mpolimba."

Sheti ya a Bilimankhwe inali yaing'ono kuposa zinazo. Chimene a Sisita anayamba kuona chinali pansi. Panali posesa. Zingwe zamagetsi sizinali kukwawa m'miyendo ngati kwa anzawo, zinali zokoleka m'misomali kudenga. Timipeni ta lauta tinali titaimikidwa m'chipika chobowola timabowo, kalikonse m'kabowo kake, ngati zida zimene a Sisita ankayala pathireyi dokotala asanalowe.

Mwini wake anali bambo wamfupi, wadazi, wazaka ngati zawo zomwe, atavala ovolosi yodula manja m'zigongono. Anali ndi magalasi kumaso, chophimba pamphuno, ndi zotseka m'makutu. Anali pakati pa ntchito, akuyendetsa lauta m'mphepete mwa thabwa la thebulo, manja onse awiri ali pazogwirira. Anawaona alendowo, koma sanadzutse mutu. Anayenda ndi makinawo mpaka kumapeto kwa thabwa, miyendo ikusuntha pang'onopang'ono, thupi lonse likutsatira. Atafika anawachotsa pathabwa, n'kuzimitsa, n'kuwagwirabe chomwecho mpaka kulira kwake kutatheratu. Kenako anawagoneka chammbali, n'kuvula zam'makutu.

"Pepani mayi, ndakuimikani. Makina akamalankhula ine sindiyankha munthu."

A Sisita popereka moni anachita zimene anazolowera. Anayang'ana manja. Zala zinali khumi, zikhadabo zonse zilipo, zikhatho zokhakhala koma zopanda chipsera ngakhale chimodzi. Anapita kukagwira thebulo lija. M'mphepete mwake munali mosalala ngati mkombero wa mbale yadothi, popanda podya kwambiri, popanda popserera.

Anafotokoza nkhani yonse, ya apongozi, ya mipando iwiri, ya ndowa. A Bilimankhwe anamvetsera osadula mawu, ndipo sanaseke. Anatulutsa lauta m'chikwamamo, n'kuika pulagi yake pabenchi patsogolo pawo penipeni, kenako n'kuitembenuza chagada.

"Makinawa ngabwino. Koma bambo anatulutsa kampeni konse, anafuna kumeza thabwa kamodzi. Onaninso apa." Anagwira nati yomangira kampeniko ndi zala ziwiri, ndipo inazungulira popanda sipanala. "Mulungu anali pafupi. Kakanasolokera m'mwendo."

A Sisita anatseka maso pang'ono. Ankadziwa bwino maonekedwe a mwendo wotero.

"Ndiye tipangireni ndinu chogwiriracho," anatero. "Makinawa ndikaabisa."

A Bilimankhwe anakanda dazi lawo.

"Kupanga ndikhoza kupanga, mayi. Masiku awiri chatha. Koma odwalawo ndi mayi awo. Mwana akafuna kuchitira mayi ake kanthu ndi manja ake, si bwino kumulanda. Ndipo makina obisa amapezeka tsiku limene inu mwachoka. Abwere mawa ndi matabwa awowo."

Kunyumba zinavuta monga a Sisita ankayembekezera. A Dalaivala anati iwo anayendetsa anthu makumi asanu ndi awiri pamsana pawo tsiku ndi tsiku, m'mvula ndi m'chifunga, ndiye lero akaphunzitsidwe kugwira kachitsulo ndi munthu wotchedwa Bilimankhwe? A Sisita anawasiya alankhule mpaka mawu atawathera.

"Abambo, ine ndasoka anthu osawerengeka, manja osanjenjemera. Koma inu sindingakusokeni. Ndikudziwa kuti singano ingandigwe."

M'mawa mwake a Dalaivala anali oyamba kumanga matabwa ndi chingwe.

Phunziro linayamba mosawasangalatsa. Anafika akupinda kale manja a malaya, koma a Bilimankhwe anawapatsa thabwa kuti aliyang'ane kaye mbali zonse, ngati mulibe msomali kapena mfundo yogwedera. Anawavulitsa wotchi. Anawauza kuti malaya alowetse m'thalauza. A Dalaivala atatulutsa magolovesi m'thumba, monyadira kuti abwera okonzeka, mmisiriyo anapukusa mutu.

"Amenewo ndi onyamulira matabwa. Apa ayi. Kampeni kakakola nsalu kamakoka ndi dzanja lomwe."

Kenako anawaonetsa kuika kampeni. Pulagi ili pabenchi pooneka, anakapukuta, n'kukalowetsa mpaka kugunda, n'kukabweza pang'ono ngati kukhuthala kwa chikhadabo kawiri, ndiye n'kumanga ndi sipanala. Anati kakakhala kogunda pansi nati imaoneka ngati yagwira pamene sinagwire. Anamasula n'kuwapatsa a Dalaivala kuti abwereze. Anabwereza katatu.

"Achimwene, kodi tiyatsa lero lomwe?" anafunsa a Dalaivala.

"Basi yanu munkangokwera n'kuliza?"

"Ayi. Ndinkayamba ndazungulira, kumenya matayala, kuona madzi ndi oilo."

"Ndiye tikumenya matayala."

A Sisita anakhala pakampando pakona, atavala zotseka m'makutu zimene anabwerekedwa, chikwama chili pamiyendo.

Thabwa la chogwirira linali lopyapyala m'lifupi, moti tsinde la lauta silikanakhazikika bwino pamwamba pake. A Bilimankhwe anatenga thabwa lina lofanana nalo kukhuthala, n'kuligoneka pambali pake kuti makina apeze popondera, ndipo onse awiri anawamanga kubenchi ndi zopanira zinayi. Anagwedeza ndi dzanja. Benchi yonse inagwedezeka, koma matabwa sanasunthe. Ndiye anatenga pensulo kukhutu n'kujambula muvi pathabwa, woloza kumanja.

"Loweruka munayambira mbali iti?"

A Dalaivala analoza kumanja.

"Eya. Kampenika kamazungulira chonchi." Anazunguliza chala m'mwamba. "Mukayambira kumanzere kupita kumanja, mphepete ili kumbali yanu, mukulimbana nako. Kamaluma pang'ono, inu n'kumakankha, ndipo makina amadzikanikiza okha kuthabwa. Koma mukayenda chobwerera, kamapalasa thabwa ngati tayala pamsewu. Pamenepo woyendetsa si inunso."

Nkhope ya a Dalaivala inamasuka.

"Ngati kutsika mtsetse utachotsa giya."

"Ine basi sindinayendetsepo. Koma mmene mwanenera, ndi chomwecho."

Anayamba ndi kachidutswa kotaya. A Bilimankhwe anatulutsa kampeni pang'ono kwambiri, moti a Dalaivala anadandaula kuti sikadya kanthu. Mmisiriyo anati adutsa katatu, ulendo uliwonse akuwonjezera pang'ono, ndipo katatu kameneko n'kofulumira kuposa kamodzi kong'amba thabwa. Anawaimika miyendo motalikirana, chingwe anachidutsitsa paphewa kuti chikhale kumbuyo. Anati akhazike tsinde la makina pathabwa kampeni kasanakhudze, ayatse, adikire kulira kukwere mpaka kukhazikike, ndiye alowe.

Ulendo woyamba a Dalaivala anachita mantha n'kuyenda mochedwa. Panatuluka fungo lopserera, ndipo m'mphepete munatsala mabanga akuda. Ulendo wachiwiri anathamanga, makina anabuula, thabwa linanyotsoka. A Bilimankhwe sanakalipe. Anawagwiritsa malo onse awiriwo ndi chala, popserera ndi ponyotsoka.

"Mvetserani mawu ake, amamveka ndithu ngakhale mwatseka makutu. Akayamba kubuula, mwawasenzetsa katundu wambiri. Mukamva kununkha, mwaima pasiteji nthawi yaitali. Pakati pakepo pali mawu ena. Mukawapeza muwadziwa."

Ulendo wachisanu anawapeza. A Sisita anaona okha mapewa a amuna awo akutsika, zigongono zikumasuka, utuchi ukutuluka wopepuka ngati nthenga. A Dalaivala atafika kumapeto anazimitsa, n'kudikira, milomo ikuyenda ngati akuwerenga chamumtima. Kenako anatembenukira kwa akazi awo ndi nkhope imene a Sisita anali asanaione kuyambira tsiku limene anasiya kuyendetsa mabasi.

Anayamba matabwa enieni dzuwa litakwera. A Bilimankhwe anati ayambe kumitu kwa thabwa, chifukwa kumeneko n'kumene kona imakonda kuthetheka, ndipo akamadzadutsa m'litali chothethekacho chimachoka. Loyamba linatha bwino. Lachiwiri lili pakati, magetsi anathima.

Msewu wonse unangoti zii. Kenako kunamveka madandaulo kuchokera sheti ndi sheti. A Dalaivala anatsonya, n'kugoneka makina pabenchi, n'kuvula magalasi kupukuta thukuta. A Bilimankhwe anapita kukhoma kanthawi, n'kubwera ndi botolo la madzi ndi makapu awiri, iwo n'kumwera m'chivindikiro. A Sisita anadzuka pakampando paja kudzayedzamira benchi, akusisita thabwa lomalizidwalo.

"Ndifunseko," anatero a Sisita. "Zaka zonsezi simunabwereko kuchipatala ngakhale ndi kabala. Anakuphunzitsani ndani kusamala chonchi?"

A Bilimankhwe anayang'ana kukhomo ngati akuopa kuti wina amva.

"Mayi, ndikuuzani chifukwa ndinu achipatala, mumasunga chinsinsi. Ine ndimaopa jakisoni."

A Dalaivala anatsamwa ndi madzi.

"Musaseke, achimwene. Magazi ndiye osanena. Nditangoyamba ntchitoyi mnzanga anadzicheka, ine ndinamuperekeza. Titafika pakhomo la chipatala ndinaona singano ili m'mbale, kenako ndinadzuka ndili pabedi, mnzangayo ataima pambali akundikupiza ndi dzanja labwinolo. Ndinalumbira kuti kumeneko sindidzapitanso. Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza njira zonse zimene makina angandipititsire kumeneko, n'kumatseka imodziimodzi. Anzangawa amati ndine wamantha. Sanama."

"Mpaka lero mumawaopa makinawa?"

"M'mawa uliwonse. Tsiku limene ndidzadzuke osawaopa, ndidzagulitsa."

A Sisita anaseka mpaka misozi, koma m'mtima ankaganiza za anthu amene anagwira nawo ntchito. Amene ankawadalira kwambiri sanali odzitama kulimba mtima ayi. Anali aja owerenga dzina la mankhwala kawiri ngakhale botolo analigwira kambirimbiri.

Ali m'kati mocheza, magetsi anayaka mosachenjeza. Nthawi yomweyo m'sheti yoyandikana nayo munamveka makina akukuwa okha, kenako chiphokoso cha zitsulo zikugwa, anthu akuthawira panja. Wina anali atasiya makina ake osazimitsa. Anayenda okha pachitseko chimene ankakonza, n'kukumba chingalande chokhota, n'kukagwera m'zitini za vanishi. A Sisita anali atafika kale pakhomo, thupi litakumbuka ntchito yake, koma anaona onse ali chilili, akulozana zala ndi kunenana. Panalibe wovulala.

Atabwerera anapeza amuna awo akupukusa mutu.

"Anthu osasamala," anatero a Dalaivala. "Munthu ungasiye bwanji makina choncho?"

A Bilimankhwe anangoloza ndi pensulo pabenchi. Lauta ya a Dalaivala inali pomwe anaigoneka, switchi yake ili poyatsa. Kampeni kanali kataloza pamalo amene a Sisita anayedzamira nthawi yonse ija, pamene panali chigongono chawo. Pambali pake panali pulagi, imene mmisiriyo anazula pakhoma asanakatenge madzi.

A Dalaivala anayang'ana switchi, n'kuyang'ana mkono wa akazi awo. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa switchiyo.

"Magetsi akathima makina sanafe, agona," anatero a Bilimankhwe mofatsa. "Choyamba switchi, chachiwiri pulagi, madandaulo pambuyo. Ndikanakuuzani nthawi yomwe ija, koma zolowera m'khutu zimatulukira kwinaku. Ndinati muone nokha."

"Ndaona, achimwene," anatero a Dalaivala, mawu ali pansi. Kenako anatembenukira kwa akazi awo. "Amayi, pepani."

A Sisita anangowagwira paphewa n'kuwasansa utuchi umene unali pakolala.

Kuyambira pamenepo a Dalaivala sanafunsenso kuti amaliza nthawi yanji. Anatha thabwa lachiwiri ndi lachitatu, akuzula pulagi okha nthawi iliyonse yowonjezera kampeni, osauzidwa. Litatsala lomaliza, lalifupi la pakhomo la kubafa, manja awo anali atatopa. A Bilimankhwe anaona mmene ankatambasulira zala, n'kunena kuti munthu wotopa sagwira lauta. Ndiye anatembenukira kwa a Sisita.

"Mayi, tsiku lonse maso anu ali pakampeni. Tabwerani."

"Ine ayi. Zinthu zimenezi ndimadana nazo."

"Mumadana ndi zimene zimachita zikakhala m'manja olakwika. Vulani mphete, mpangowo mumange bwino kumbuyo."

A Sisita anavala magalasi ndi chophimba pamphuno. Makinawo anali olemera kuposa mmene ankaganizira, ndipo atayatsa anagwedezeka m'manja ngati kamwana kokana jakisoni. Anadikira mpaka atakhazikika. Analowa m'thabwa pang'onopang'ono, n'kumva kampeni kakuluma, makina akukankha mobweza, iwo akukankha mopitirira. Panalibenso msewu, panalibe amuna awo, panali mzere wa thabwa ndi kulira kumodzi kosasintha. Anadutsa katatu. A Bilimankhwe anayendetsa chikhatho m'mphepetemo atatsinzina, kuchoka uku kufika uko, n'kubwereranso.

"Achimwene," anatero, "musakhumudwe, koma m'nyumba mwanu mmisiri ndi awa."

"Ndinadziwa kalekale," anatero a Dalaivala. "N'chifukwa chake ndinawakwatira msanga ena asanaone."

Masiku atatu otsatira anakhala akukwecha matabwawo ndi sandipepa pakhonde, kupaka vanishi, ndi kubowola khoma. A Bilimankhwe anabwera Lachisanu masana osaitanidwa, atavala malaya oyera, kudzaona ngati zitsulo zogwira matabwawo zalowa bwino. Anadzikoleka pachogwiriracho ndi thupi lawo lonse malo anayi osiyana. Pamalo amodzi anamva kugwedera kumene wina aliyense sanakumve, ndipo anakana tiyi mpaka a Dalaivala atasintha sikuluwo n'kuika yaitali.

Apongozi anafika Lolemba pagalimoto ya mdzukulu wawo, atachepa thupi, pakamwa patapotoka pang'ono, koma maso ali akuthwa monga kale. Masiku awiri oyamba anakana kudzuka. Ankati iwo sakwawa m'makoma ngati buluzi. Tsiku lachitatu m'mawa a Sisita ali kukhitchini anamva phazi likukhwekhwereza m'kolido. Anasuzumira. Apongozi anali ataima okha, dzanja lamanja litafumbata thabwa, akulisisita ndi chala chachikulu.

"Wapanga ichi ndani?" anafunsa, mawu akutuluka molemera.

A Dalaivala anatuluka m'chipinda lezala ili m'manja, thovu lili kutsaya limodzi.

"Ndife, amayi. Ine ndi apongozi anuwa."

Mayiwo anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe? Amene unkalephera kusongola pensulo?"

"Ndinapita kusukulu, amayi."

Apongozi anayenda masitepe asanu ndi limodzi tsiku limenelo, n'kupuma, n'kubwerera. Pofika sabata yachiwiri ankafika okha pabalaza. Ndipo Lamlungu lina atafika pamene thabwa linathera, pafupi ndi khomo lotulukira panja, anaima n'kumenya khoma lopanda kanthulo ndi chikhatho.

"Nanga apa mwalekeranji? Mukufuna ndizingoona makoma? Ndikufuna ndizikhala pakhonde, ndiziona anthu odutsa."

A Dalaivala anapita kukatenga tepi yoyezera. A Sisita anagwira mbali inayo, apongozi ali pakati akuwauza kuti akweze pang'ono.